Zibwano Zisanu ndi Zinayi za aDaka

Ahedi andiuza kuti ndisaonekele pasukulu mpaka nditalemba kalata yopepesa achipatala. Andipatsa mapepala awili ndi sabata imodzi. Mapepalawo ndiwadzaza, ndipo akachepa nding'amba ena pakati pa kope la Bayoloje, koma mawu oti pepani sindikuona pamene angakhale. Choncho ndilemba za munthu amene akuti ndinanyozetsa malilo ake: asikulu anga, atate awo a amai, aYotamu Daka a ku Ndake, amene tinawaika m'manda masabata atatu apitawa. Chimene ndinachita pamalilopo ndichinena, musade nkhawa, ndimachikonda kwambili moti sindingachisiye. Koma muyambe mwawadziwa eni ake.

Asikulu anagwila nchito pachipatala chathu zaka zambili, yotchetcha udzu ndi kutentha zinyalala kudzenje. Zaka zonsezo panalibe dokotala kapena nesi wowadziwa dzina. Anali "amadala a chikwakwa" basi. Atapuma nchito, dzino lina lam'mbuyo linabowoka n'kuyamba kuwasautsa, ndiye anapita kuchipinda cha mano, chija chili kumapeto kwa khonde pafupi ndi thanki ya madzi. Inali nyengo yozizila, nthawi imene ophunzila za mano amabwela kuchoka ku Lusaka kudzachita mapulakitiko kwa masabata asanu ndi limodzi.

Wophunzila aliyense amabwela ndi zinthu ziwili, dasitakoti yoyela yovala pa nchito ndi buku. M'bukumo muli mizele yofunika kudzaza: kuzula mano angapo, kumata angapo, kutsuka, kupima munthu wofuna mano oikilila. Akachita chimodzi, aMumba, mkulu wa chipindacho, amasaina. Mizele ikapanda kudzala, mwanayo amabweleza chaka. Vuto n'lakuti anthu akwathu sapita ndi dzino kuchipatala mpaka tsaya litatupa ngati dzungu, ndipo akafika n'kuona kamwana kakunjenjemela ndi nyeleti ya jekiseni m'manja, amati, "Newo nifuna aMumba, osati wana wa sukulu." Ena amatembenuza njinga pageti pomwepo akangoona madasitakoti pakhonde.

Asikulu sanakane. Anakhala pampando, anayasamula, ndipo mitu isanu inawelamila m'kamwa mwawo. AMumba anayang'ana pakhadi n'kunena kuti, "Bwelani pafupi nonse, muone bwino m'kamwa mwa aDaka." Anabwela kunyumba ndi thonje lodzala tsaya, akulankhula ngati munthu wodya mbatata yotentha, ndipo chimene anali kuyesa kutiuza sichinali cha dzino. Anali kutiuza kuti awatchula dzina. Ambuya, akazi awo, amati tsiku limenelo ndi limene mwamuna wawo anakwatila mitala.

Kuyambila pamenepo, nyengo yozizila ikafika, asikulu anali kuvala jekete yawo ya kuchalichi, kudzaza thumba ndi nshawa zokazinga za m'munda mwawo, n'kupalasa njinga kupita kukakhala pabenchi panja pa chipinda cha mano. Chipewa anali kupachika pamsomali umene unali pamwamba pa benchipo. Palibe anawaitana. Anadzipatsa okha udindo wa hedimasitala wa pakamwa.

Ndipo, kunena zoona, anali kuphunzitsadi. Wophunzila watsopano anali kumudziwa pomupatsa moni. Wa manja ozizila a thukuta anali kumukonda, ati ameneyo ali ndi mantha, ndipo mantha ndi amene amasunga lilime la wodwala. Wa manja ouma ndi wochi yaikulu anali kumuyang'ana ngati mbuzi yolowa m'dimba. Nyeleti anali kuidziwa kuposa buku. Mwana akalasa polakwika, asikulu anali kukweza dzanja n'kunena kuti, "Wewo, walasa pafupi. Pita kumbuyo, umve fupa, ubwelele pang'ono, lomba thila." Anali kunena kuti mlomo umene mankhwala agwila bwino uyenela kumveka ngati wobweleka kwa mnzako. Nchito ikatha anali kupeleka mamaki ndi nshawa. Wochita bwino anali kulandila zodzala dzanja. Wochita zopusa anali kulandila imodzi, pamaso pa anzake, ndipo akuti mnyamata wina wamtali analila chifukwa cha nshawa imodziyo.

Analinso ngati wokopa anthu pasiteshi ya basi. Akaona mayi akufuna kuthawa pamzele, anali kumusendelela n'kuyasamula. "Onani, amai. Mipata yonse iyi anazula ni wana wamene awa. Nafa?" Mayi uja anali kuseka n'kukhalanso pansi. Mabuku ambili anadzala chifukwa cha kuyasamula kumeneko.

Mano oyamba kuchoka analidi owola, sindinamizila munthu. Kenaka anayamba kuchoka amene akanatha kuwola m'tsogolo. Kenaka amene anali kugwedela pang'ono. Kenaka amene anatsala okha opanda mnzawo. Chaka chilichonse jekete inali kubwela ndi kanthu kokulunga m'thonje, ndipo chaka chilichonse ambuya anali kuyamba nkhondo yomweyo.

"Atate wanu anakumba golide ku Sasare, anafa alibe olo mphete. Mwewo lomba mwasandutsa pakamwa mgodi."

"Wewo ungamvetse chani? Nikupanga madokotala."

"Madokotala wanu ali kuti? Anakutumilankoni olo sopo?"

"Mphunzitsi satumilidwa sopo."

"Mphunzitsi amapita kunyumba na mano wake onse."

Akafika apa asikulu anali kutenga wailesi n'kukakhala kuseli kwa nkhokwe. Nthawi ina anakhala masiku anayi osalankhulana, ine ndiye ndinali foni yawo, ndipo ndinali kusintha mauthenga mmene ndafunila. Ambuya akati kawauze kuti madzi osamba apsa, ine ndinali kukanena kuti ambuya akuti mukasambe mukununkha mankhwala. Asikulu anali kudziwa. Anali kunditcha mkazi wawo wamng'ono, monga achitila akulu ndi adzukulu awo, n'kumati pa akazi awo awili wabodza ndiye wabwino, chifukwa woona uja amaluma.

Chimene chinali kuwapatsa mphamvu pamikangano yonseyi chinali lonjezo. Anauzidwa kuti adzawapangila mano oikilila, oyela, ofanana ngati a m'nyuzipepala. Ndipo kupima anali kuwapimadi, pakuti kupimako kunali ndi mzele wake m'buku. Anali kuwaika m'kamwa kachitsulo kodzala phala lapinki lozizila, likauma n'kulichotsa, n'kuthilamo pulasitala. Chotuluka pamenepo chinali chibwano choyela, cham'mwamba ndi cham'munsi, chofanana ndendende ndi m'kamwa mwa asikulu. Anali kuchimanga ndi lasitiki, kulemba Daka kunsi kwake, aMumba n'kusaina. Chibwanocho chinayenela kupita ku Lusaka kumene amaumba mano. Koma ophunzila anali kukwela galimoto ndi mabuku awo, chibwano n'kutsala pashelufu. Chaka chotsatila anabwela ena, n'kupeza kuti dzino lina lachoka, chibwano chakale sichigwilanso nchito, tipimenso. Pamapeto pake aMumba anawauza kuti mano a apa ndi apo ndi ovuta kupanga, chosavuta n'kudikila otsalawo athe, apange onse pamodzi. Asikulu anamva ngati awauza njila yachidule.

Chaka chatha, m'kamwa mutayela kale ngati mwa khanda, ndinatopa ndi kudikila. Ndinatenga chinangwa chachikulu ndi lezala, ndinakhala kuseli kwa kalasi masana awili, ndinasema mano a m'mwamba ndi a m'munsi, okongola, ndi kampata pakati kuti aoneke achibadwa. Ndinawakulunga m'thonje, m'kabokosi ka sopo, m'pepala la khaki, n'kulembapo ndi zilembo za munthu wophunzila: aY. Daka, kuchoka ku Lusaka. Ndinapatsa kondakitala wina kuti awapatsile pamsika.

Ndinali pomwepo pamene anatsegula. Anayamba asamba m'manja. Anamasula chingwe osadula. Ataona zimene zinali m'katimo anaziyang'anitsitsa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko sindikakonda kukakumbukila. Kenaka ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Mkazi wanga, wewo ukapsa ku moto."

"Yesani, mwina akukwanani."

Anawakwana. M'mawa mwake anavala jekete, anapalasa njinga, analowa m'chipinda cha mano ophunzila onse ali momwemo, n'kumwetulila aMumba ndi chinangwa changa. "Afika, bambo. Zikomo ngako. Nauze ndani kuti asaine?" Ophunzila anaseka mpaka wina anatuluka panja. AMumba sanaseke. Anati nkhani ya mano ikuyenda, kungoti ku Lusaka kulibe ufa wake wopangila. Madzulo ambuya anawaphika mano aja, anathila mchele, asikulu n'kuwadya.

Anthu ena amati chimene ndinachitacho chinali nkhanza kwa nkhalamba. Awelenge okha. Pa anthu onse amene analonjeza asikulu mano, ophunzila, madokotala, a mawochi ndi a magalasi, amene anabweletsa ndine ndekha.

Koma ndalumpha. Chimene ndimasungila mkwiyo weniweni chinachitika zaka ziwili chinangwa chisanafike. Nthawi imeneyo asikulu anali atatsala ndi mano ochepa akutsogolo, ndi awili am'mbuyo kudzanja lamanja, lina pamwamba lina pansi, okumana bwinobwino. Awiliwo anali kuwatcha munsi ndi mtondo. Ndi amene anali kutafunila nshawa. Munthu analima nshawa moyo wake wonse, chalimbana wa maso akuluakulu amene anthu anali kubwela kudzapempha mbewu kuchoka ku Kalindawalo, ndipo chisangalalo chake chinali kukhala pakhonde masana n'kumaponya imodziimodzi kumbali ya kumanja, mutu utapendekeka ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

Chaka chimenecho panali wophunzila wina dzina lake Mutinta, wa manja ozizila, amene asikulu anali kumupatsa nshawa zodzala dzanja. Anali atabweleza kale chaka chimodzi. Pofika Chisanu chomaliza, buku lake linali litatsala mzele umodzi: kuzula dzino lam'mbuyo. Tsoka lake, tsikulo linali logulitsa thonje, anthu onse anali kusikelo ndi mabelo awo, ndipo pabenchi panali asikulu okha ndi chipewa chawo. Galimoto yotenga ophunzila inali kubwela masana. Mutinta anakhala pambali pawo akupukuta misozi ndi mkono wa dasitakoti.

Nkhaniyi asikulu anali kuifotokoza okha, monyadila, kwa aliyense wofuna ndi wosafuna. Akuti anaimilila, analowa, anakhala pampando n'kuuza aMumba kuti munsi ukuwawa. AMumba anayang'ana ndi kagalasi kawo, anagogoda dzinolo ndi kachitsulo, anagogodanso.

"ADaka, dzino ili lilibe kanthu."

"Liwawa ndani, newo kapena mwewo?"

"Mukachotsa ili mudzatafunila chiyani?"

"Si mukunipangila atsopano?"

Apa ndi pamene munthu wamkulu, wophunzila, wolandila malipilo a boma, anayenela kunena kuti tsikani pampando, madala, pitani kunyumba. AMumba anayang'ana wochi ya pakhoma, anayang'ana Mutinta, anapita pawindo n'kunena ali chofulatila kuti, "Valani magulovu."

Dzino labwino silichoka mwaulemu. Mutinta analimbana nalo pafupifupi ola lathunthu, thukuta likugwela pa jekete ya asikulu, iwo akumulimbikitsa ndi dzanja kuti gwedeza uku, gwedeza uko, usafulumile. Litatuluka, aMumba anasaina. Mtsikana uja anagwada pansi pa simenti, anagwila manja a asikulu n'kunena m'chinyanja chake cha ku Lusaka kuti, "Ba Daka, nikangosiliza chabe sukulu, nizabwela neka. Nizakupangilani na manja yanga aya." Anajambulitsa nawo pafoni, asikulu thonje lili kukamwa, chala chachikulu m'mwamba.

Dzinolo ndinaliona ndi maso anga madzulo ake. Lalikulu, la mizu itatu, lopanda ngakhale kadontho kakuda. Ambuya analitembenuza m'manja kawili, analibweza, ndipo tsiku limenelo sanakangane nawo. Anangotenga mtondo weniweni n'kuyamba kusinja nshawa. Dzino lapansi lija linachoka chaka chotsatila, ati lilibe mnzake.

Mutinta anatsiliza. Ali ndi chipinda chakechake ku Lusaka, cha mipando yobiliwila ndi maluwa apulasitiki, ndimachiona pafoni ya mnzanga. Tsiku lina anaikapo chithunzi chija, n'kulemba mawu ambili okoma onena za mphunzitsi wake woyamba, nkhalamba ya kumudzi ya mtima wagolide. Anthu mazana anaikapo timitima. Ine ndinalemba pansi pake kuti, aphunzitsi anu akudya phala, mubwela liti? Pofika madzulo anali atandibuloka.

Phala analidi kudya. Phala, maungu, mapeyala, ndi nthochi. Anali kunena kuti Mulungu anadzala nthochi ku Nyimba poganizila iwo. Nyama anali kuiyamwa n'kupatsa galu. Nshawa zosinja anali kukana, ati chiponde n'cha makanda ndi odwala. Thumba la jekete anali kudzazabe kuti akagawile ana awo a madasitakoti, koma iwo anali kutenga imodzi yokha, kuiika m'kamwa m'mawa, n'kumaiyamwa mpaka dzuwa litafika pamutu. Kenaka anali kuilavulila m'dzanja, yoyela, yathunthu, n'kuiyang'ana. Thalauzi inayamba kumangidwa ndi mphila ya njinga. Masaya analowa m'kati mpaka anthu a kuchalichi anasiya kuwapatsa mawu oti awelenge, ati sakumveka. Nkhokwe ili yodzala, mwini wake akuuma ngati phesi.

Chaka chino, anthu akukolola, chipinda cha mano chinalandila mpando watsopano kuchoka kwa azungu ena, wokwela ndi kutsika wokha. Anapaka penti, anachotsa mashelufu akale. Asikulu anapita kukaona mpandowo, ndipo pobwelela anadzela kudzenje la zinyalala, kuja anagwilako nchito zaka zonse zija, kuti akapatse moni mnyamata amene anawalowa m'malo. Anazipeza pamwamba pa mulu, pakati pa mabotolo ndi magulovu akutha. Zibwano zisanu ndi zinayi, chilichonse ndi lasitiki yake, chilichonse cholembedwa Daka.

Anazitola, anaziika m'thumba la feteleza, anabwela nazo akukankha njinga. Anazipukuta ndi nsalu yonyowa n'kuzindandalika pathabwa m'chipinda mwawo, motsatana. Choyamba chinali ndi mano pafupifupi onse, chikuseka. Chachiwili chinali ndi mipata iwili. Ukamayenda ndi maso unali kuona munthu akutha, mpaka chomaliza, chosalala ngati mizele ya m'munda mvula itakokolola. Ndinayembekeza kuti atukwana. Ndinali nditakonzeka kuwathandiza, mawu ndinali nawo ambili. Iwo anangoti ndi masatifiketi awo. Kenaka anaika chala pa chachisanu ndi chimodzi, pa dzino lam'mbuyo lakumanja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Uyu yeka ndiye sanalakwe." Pabenchi paja sanapitenso.

Chifuwa chinawagwila kuzizila kutangoyamba, ndipo thupi linalibe poti chigwile. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lelo n'chakuti masiku awo omaliza anali kufunsa za iwo aja. "Wana afika?" Ndinati afika, asanu ndi awili. "Pabenchi pali wanthu?" Ndinati sindidziwa ndipo sindifuna kudziwa. "Wewo ulibe chifundo. Mabuku wao adzala tyani?" Anamwalila Chiwili m'mawa, nthochi itatsala theka pambale.

Tsopano za malilo.

Achipatala anabwela pa galimoto yoyela, mochedwa, fumbi lili kumwamba. Anatsika aMumba, amai ena a muofesi onyamula nkhata ya maluwa, ndi ophunzila asanu ndi awili aja, atavala madasitakoti ngati abwela kudzapima mtembo. Anthu anawapatsa mipando pansi pa mtengo wa mango, eni malilo tili pansi. Ndinawawelenga. Ndinawawelenganso. Asanu ndi anayi. Ine masamu amandivuta, koma tsiku limenelo ndinaona kuti Mulungu amawakonda.

Kumanda aMumba anapempha kuti alankhule. Anati chipatala chataya mzati. Anati madokotala ambili amene akuthandiza dziko lino anadutsa m'manja mwa aDaka. Anatulutsa foni n'kuwelenga uthenga wa Dokotala Mutinta, woti mtima wake wasweka, sanathe kubwela chifukwa cha nchito, koma sadzaiwala. Anthu anang'ung'udza movomeleza. Bokosi linali pomwepo, lopepuka moti onyamula anali kuyang'anana.

Titabwelela kunyumba, ife atsikana tinapatsidwa nchito yopelekela alendo chakudya. Anapha mbuzi, ndipo alendo a pamipando anawapakulila aliyense kambale kake ka ndiwo, kovindikila, monga achitila ndi anthu olemekezeka. Ndinauza anzanga kuti a pamangowo ndiwatumikila ndekha. Ndinadzela nazo kuseli kwa nyumba. Nyama yonse ndinakhuthulila m'beseni la okumba manda, amene sanafunse funso. Ndinalowa m'chipinda cha asikulu n'kutsitsa zibwano pathabwa, chimodzi m'kambale kalikonse. Ndinathilako msuzi pang'ono pamwamba, kuti asanene kuti kwa aDaka kulibe ulemu.

Ndinachita zonse mwa mwambo. Chitenje m'chiuno, kugwada, madzi osamba m'manja kuyambila kwa wamkulu. Ndinaika nsima pakati, timbale patsogolo pa aliyense. Amai a muofesi anapemphela pemphelo lalitali, lothokoza manja amene akonza. Ine ndinali chogwada pambali, maso pansi, ngati mwana woleledwa bwino.

Anavundukula pafupifupi nthawi imodzi. Chivindikilo china chinagwa n'kugubuduka mpaka pamoto. Mtsikana wina anakankha mpando n'kubwelela m'mbuyo. Mnyamata wina, wa magalasi, anatola chake, anachitembenuza, anawelenga dzina kunsi, n'kuyang'ana za anzake chimodzichimodzi, kuyambila cha mano ambili mpaka chosalala. Ameneyo ndinaona kuti wamva. AMumba anayang'ana m'kambale kawo nthawi yaitali, msuzi ukutsika pakati pa mano a pulasitala.

"Mwana uyu ndi wa ndani?"

"Wa aDaka, bambo," ndinayankha ndikuomba m'manja mwaulemu. "Tafunani. Inu mano muli nawo."

Zotsatila zake sizinali zokoma, koma zinali zotchipa poyelekeza. Amai anandikoka khutu kuchoka pamango mpaka kuseli kwa bafa. Amalume anafuna kuthyola nthambi yondikwapula nayo, anthu anawagwila. Alendo ananyamuka osadya. Amai a muofesi aja amaimba kwaya imodzi ndi ahedi athu, ndiye nkhani inafika kusukulu ine ndisanafike. Abusa anabwela kudzandiuza kuti ophunzila aja analibe mlandu, anali asanawaonepo n'komwe asikulu. Ndinavomela kuti n'zoona. Koma anabwela kuno kudzaphunzila, ndipo hedimasitala wawo anali asanaphonyepo chaka.

Panapita masiku awili. Tsiku lachitatu ine ndi ambuya tinali kusenda nshawa pamphasa, awiliwili, mpango wakuda uli kumutu kwawo. Analankhula osandiyang'ana.

"Wewo ulibe mwambo."

"Inde, ambuya."

"Wanyazitsa mudzi wonse."

"Inde."

Anasenda zina zitatu.

"AMumba unawapatsa chiti?"

"Chija chili ndi munsi."

Anagwedeza mutu, anatola nshawa zodzala dzanja n'kundithilila pachitenje.

Tsiku la malilo lija, timbale titabwela kotsuka, zibwano zinapezeka zisanu ndi zitatu. Ka aMumba kanabwela kopanda kanthu. Ndinaganiza kuti mwina munthuyo chamulasa, wachitenga kuti azichiyang'ana akakhala yekha. Ndinatsala pang'ono kumuganizila zabwino.

Mailo ndinapita kuchipatala kukaona kumene kalata yopepesa imapelekedwa. Ndinadzela kukhonde la kumapeto. Windo la chipinda cha mano linali lotsegula, ndipo aMumba anali ataimilila pakati pa madasitakoti, chibwano chija chili m'manja, atachitsuka bwinobwino, akuloza munsi ndi bolopeni. "Bwelani pafupi nonse. Ili ndi dzino lam'mbuyo la munthu wina wachikulile. Onani mmene lakhalila bwino."

Mtsikana wina anandiona n'kutuluka mofulumila, buku lili kukhwapa. "Iwe mwana, ulibe dzino ikubaba? Olo kusuka chabe, ni mahala." Sanandizindikile popanda chitenje. Ndinamumwetulila mpaka mano anga onse anaonekela, kuti awaone bwino, n'kutseka pakamwa.

Pabenchi panalibe munthu. Ndi thabwa lalitali lotuwa, koma kumapeto kwake, pafupi ndi chitseko, pali malo akuda osalala pamene thalauzi imodzi inapukuta nyengo zozizila zisanu ndi zinayi. Opaka penti anadutsa khoma lonse, koma pansi, pamene chogwilila cha njinga chinali kutsamila, pulasitala ndi yokumbikabe. Mumng'alu wa pakati pa benchi ndi khoma mwadzala timakoko tofiila ta nshawa, tsache silifikamo. Msomali uja ulipo. Pamene panali kukhala chipewa apachikapo katoni yolembedwa ndi inki yofiila, yoti onse ofuna mano oikilila alembetse maina awo kwa aMumba.